Akukanizani Amoxil kuchipatala? Musathamangire ku kantemba, werengani kaye

Uthengawu ndi wa inu odwala amene mumabwera mu zipatala za muno mu Lusaka, komanso inu odikirira odwala amene mumagona pa benchi panja pa wodi. Dandaulo timalidziwa, timalimva tsiku ndi tsiku: ndaima pa mzere kuyambira mamawa nde angondipatsa Panadol basi. Munthu akatuluka pageti ulendo wa ku kantemba, kugula makapusozi anayi a Amoxil, kumwa masiku awiri, akamvako bwino otsalawo kusungira mwana. Chizolowezi chimenechi chikutipha pang'onopang'ono.

Ma antibayotiki ngati Amoxil amapha mabakiteriya, osati mavairasi. Chimfine, chifuwa chobwera ndi mphepo ya June, zilonda zapakhosi zambiri, zimenezo zimayamba ndi mavairasi ndipo olo mumwe botolo lonse palibe chimene mankhwalawo angachite, thupi limachira lokha pakatha sabata kapena kupitirirako pang'ono. Malungonso ali ndi mankhwala ake, kayezetseni. Koma nthawi iliyonse mukamwa antibayotiki, kaya imafunika kaya simafunika, mabakiteriya amene amakhala kale m'matumbo ndi pakhungu panu amakumana nayo, ofooka amafa, olimba amatsala nkuswana. Anthu amakonda kunena kuti thupi langa linazolowera Amoxil. Ayi, si thupi lanu, ndi tizilomboto tazolowera, ndipo tizilombo timeneti sitikhala mwa inu nokha, timapita kwa mwana wanu, kwa amene mwagundana naye mu minibasi, kwa agogo a pabedi loyandikana nalo. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2022 anapeza kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, kuposa amene anafa ndi Edzi kapena malungo chaka chomwecho, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, kuno kumwera kwa Sahara ndi kumene imfazi zinachuluka kwambiri.

Nde chifukwa chake nkhaniyi siingathe ndi chipatala chimodzi. Taganizani mmene odwala amayendera muno mtauni, munthu amayambira pa kiliniki ya mkomboni, zikavuta amamutumiza ku Level One ngati Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama kapena Chipata, zikavutabe ndi UTH kapena Levy Mwanawasa, akachira amabwerera ku kiliniki yake ija kukaonedwanso. Tizilombo take amayenda nato ulendo wonsewo. Ngati pa siteshoni iliyonse amupatsa antibayotiki ina mongoganizira, pofika pamwamba paja madokotala amapeza kuti zonse zimene zili pashelefu zagwiritsidwa kale ndipo sizikugwira. Zambia ili ndi ndondomeko ya dziko lonse yolimbana ndi vutoli ya 2017 mpaka 2027, a ZNPHI, bungwe la boma loona za umoyo wa anthu, ndi amene amalondoloza, ndipo cholinga chake nchakuti zipatala zonse ziziyendera malamulo amodzi.

A WHO mu 2017 anagawa mankhwalawa m'magulu atatu, Access, Watch ndi Reserve. Gulu loyamba ndi loyambira pa matenda ofala, muli amoxicillin (Amoxil uja), doxycycline, Septrin, Flagyl. Lachiwiri ndi lofunika kulisamala chifukwa tizilombo timalizolowera msanga, mmenemo ndi mmene muli cipro, azithromycin ndi ceftriaxone, jakisoni uja ambirife timamukhulupirira ngati amachiza chilichonse. Lachitatu, monga colistin, ndi la pamene zina zonse zakanika, lokwera mtengo, losowa, ndipo colistin amatha kuvulaza impso. Adokotala akakupatsani za gulu loyamba sikuti akuonani kuti ndinu wosauka ayi. Mankhwala amphamvu ndi amene akugwirizana ndi kachilombo kanu, osati amene ali odula.

Zimene muziona mukagonekedwa

Apa ndi pamene odikirira odwala amakangana ndi anesi kwambiri nde tifotokoze bwinobwino. Asanayambe mankhwala atha kutenga magazi, mkodzo, makhololo kapena mafinya kupita nazo ku labu. Kumeneko amameretsa kachilomboko m'kambale nkukayesa ndi mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene akukapha, ndipo zimenezi zimatenga masiku awiri kapena atatu, si ulesi wa a ku labu, kachilombo kamakula pa liwiro lake. Ngati wodwala wadwalika kwambiri sadikira zotsatirazo, amatenga magazi nkuyamba mankhwala pompo. Koma ngati munamupatsa kale makapusozi kunyumba nenani zoona, tchulani dzina lake, kangati, liti, ngati pepala lake lilipo bweretsani, chifukwa mankhwala omwa kale aja amatha kupangitsa kuti ku labu kusamere kanthu pamene matenda alipo. Palibe amene akumangeni.

Pakatha masiku awiri kapena atatu madokotala amayenera kuunikanso. Atha kusintha mankhwala, kuwachepetsa, olo kuwasiyiratu akapeza kuti vuto silinali bakiteriya. Atha kuchotsanso dripu nkumuika pa mapiritsi, ndipo apa ndi pamene mumamva achibale akunong'onezana kuti amutaya, mankhwala atha. Zoona zake nzakuti munthu akayamba kudya, osasanza, kutentha thupi kwatsika, mapiritsi ambiri amagwira chimodzimodzi, ndipo kanula, kapaipi ka dripu kaja, amene wakhalitsa pamkono ndi khomo lolowera tizilombo tina. Chimodzimodzinso paipi ya mkodzo, ikachotsedwa msanga ndi bwino.

Pa opaleshoni, kuphatikizapo ya amayi pobereka, antibayotiki yoteteza bala imaperekedwa asanayambe kucheka ndipo nthawi zambiri kamodzi kokha nkokwanira, kupitiriza sabata yonse sikuwonjezera chitetezo. Ndipo inu alendo sambani m'manja polowa ndi potuluka, musakhale pabedi la wodwala wina. Kufunsa anesi kapena adokotala mwaulemu ngati asamba m'manja si mwano.

Kutsegula m'mimba ndi Flagyl, iyi ndiye nkhani ya mnyumba iliyonse. Kutsegula kwambiri kumene kulibe magazi sikufuna antibayotiki, chofunika ndi ORS, ndipo kwa ana kuwonjezera zinc kwa masiku 10 mpaka 14. Olo kolera ija inatizunza mu 2024 mpaka Heroes Stadium kusanduka chipatala, chimene chimapulumutsa anthu ndi kubwezeretsa madzi m'thupi, antibayotiki ndi yothandizira chabe kwa amene adwalika kwambiri. Mukaona magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi cha madzi ngati otsukira mpunga, thamangirani kuchipatala.

Chenjezo, pasapezeke wina womva molakwika. Amene mumamwa Septrin tsiku lililonse kuchokera ku kiliniki ya ma ARV pitirizani mpaka akuuzeni okha kuti musiye. Amene muli pa mankhwala a TB malizani miyezi yonse olo mwanenepa kale, kudumphadumpha ndi kumene kumabweretsa TB yosamva mankhwala imene chithandizo chake nchovuta kwambiri. Chinzonononso chayamba kukana mankhwala ambiri, musagule cipro mobisa, bwerani ndi mnzanuyo mulandire chithandizo nonse.

Mukapatsidwa antibayotiki funsani pa windo la famase kuti ndi ya chiyani, kangati patsiku, masiku angati. Imwani monga alembera, osagawira wina, osasunga ya mawa, ndipo Flagyl musaphatikize ndi mowa. Mwalamulo mankhwalawa amagulitsidwa ndi pepala la dokotala mmalo ovomerezeka ndi ZAMRA, bungwe loona za mankhwala, za pa kantemba zija zakhala padzuwa ndipo simudziwa kuti mkati muli chiyani. Oweta nkhuku za broiler kuseri kwa nyumba nanunso nkhaniyi ndi yanu, kuthira mankhwala m'madzi a anapiye osadwala kumaweta tizilombo tomwe tija, ndipo masiku amene alembedwa papaketi kuti mudikire musanagulitse kapena kupha, adikireni.

Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwatuluka ziwengo, milomo kapena nkhope yatupa, mukubanika, kapena patha masiku atatu mukumwa koma kutentha thupi sikukutsika. Mwana wosakwana miyezi iwiri akatentha thupi kapena akakana kuyamwa, osayesa kalikonse kunyumba, olo ndi usiku bwerani naye.