Mabulosi achikasu a m'tchire: zipatso idyani, koma muzu usalowe m'malo mwa ORS

Chitsamba cha minga chimene akatswiri a zomera amachitcha Rubus ellipticus kwawo ndi kumapiri a Himalaya, ku India, Nepal ndi kumwera kwa China, ngakhale chinafalikiranso kumaiko ena. Sichivuta kuchizindikira. Tsinde lake lili ndi ubweya wofiirira ndi minga yokola zovala, masamba amamera atatuatatu, maluwa ndi oyera, ndipo zipatso zikapsa zimakhala zachikasu.

Zipatsozi n'zabwino kudya, zili ndi vitamini C. Sizichedwa kuwonongeka, choncho zidyeni tsiku lomwelo, mutazitsuka ndi madzi aukhondo. Musathyole pomwe anthu amachitapo chimbudzi kapena pomwe papoperedwa mankhwala.

Kuyambira kale, anthu a kumapiriko amamwa madzi a muzu wake thupi likatentha, m'mimba mukamapotokola kapena akatsekula m'mimba. Ena amasinja muzuwo n'kupaka pabala. Nzeru imeneyi si yonyoza ayi. Mizu ndi masamba a zomera za mtundu umenewu zimakhala ndi tannin, yemwe uja amaumitsa m'kamwa mukaluma chipatso chosapsa, ndipo akhoza kumangako m'mimba pang'ono.

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa, makamaka inu makolo. Chimene chimapha mwana wotsekula m'mimba ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo muzu subwezera zimenezi. Chimbudzi chikhoza kuchepa koma mwana akufookerabe. Sungunulani paketi ya ORS, mankhwala obwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi, m'madzi aukhondo monga momwe alembera papaketipo, ndipo muzimumwetsa pang'onopang'ono nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Mupatseninso zinc kwa masiku 10 mpaka 14, osasiya kumuyamwitsa kapena kumudyetsa. Maso akalowa m'kati, akamakana kumwa, akamasanza chilichonse kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, thamangirani kuchipatala, ngakhale ndi usiku.

Thupi likatentha, kayezetseni kaye, chifukwa akhoza kukhala malungo. Bala likufuna sopo ndi madzi aukhondo. Muzu wochokera m'dothi ukhoza kulowetsamo tizilombo ta kafumbata.

Mayi woyembekezera asamwe masamba kapena mizu ya chitsambachi asanafunse adokotala kapena anamwino. Khanda losakwana miyezi 6 musalimwetseko ngakhale dontho.