Kodi mtsinje umathamanga kwambiri kumapiri?

Ambirife tinakula tikukhulupirira kuti mtsinje umathamanga kwambiri kumapiri kumene wayambira, kenako umatopa n'kumayenda pang'onopang'ono ukamayandikira nyanja. Apa maso ndi makutu amatinamiza.

Kumtunda madzi amasokosera, thovu lili mbuu pamiyala. Koma tayang'anitsitsani. Madziwo ndi osaya, amagunda mwala uwu n'kubwerera, amakodwa pakadziwe. Tsamba likagwera pamenepo limazungulirazungulira lisanapeze njira. Mphamvu yambiri imathera pokhulana ndi miyala.

Kumunsi timitsinje tambiri takhala tathiramo kale. Mtsinje wakula ndiponso wazama, pansi pake pali mchenga ndi matope m'malo mwa miyala ikuluikulu. Madzi okhudza pansi ndi m'mbali amakhala ochepa poyerekeza ndi onsewo, choncho ambiri amangodutsa popanda chowatchinga. Pamwamba pamaoneka bata, koma chikuni choyandama chimakupitirirani msanga kuposa momwe mumaganizira. Izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa anthu amalowa m'madzi oterewa poganiza kuti ndi ofooka.

Mu 1953, katswiri wa ku America, Luna Leopold, anafalitsa zimene anapeza atayerekeza miyezo ya mitsinje yambiri. Liwiro la madzi nthawi zambiri silitsika mtsinje ukamapita kumunsi, ndipo m'mitsinje yambiri limakwera pang'ono ngakhale kutsetsereka kwa nthaka kukuchepa.

Pamene madzi amafookadi ndi pamathiriro penipeni. Akakumana ndi nyanja amamwazikana, n'kutula mchenga ndi matope amene anasenza kuchokera kumtunda.