Zoyenera Kulongedza Pokwera Sapitwa ndi Mapiri Ena Ataliatali

Anthu ambiri amene ndawatsogolera pa phiri la Mulanje amafika pa Likhubula atadzaza chikwama ndi zakudya, koma zovala zoteteza thupi ali nazo zochepa. Nzosadabwitsa, chifukwa m'munsi mwa phiri mumakhala mukutentha ndipo munthu amaganiza za njala osati za chisanu. Komatu kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, ndipo popeza nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, kumwambako kumazizira ndi madigiri oposa 12 poyerekeza ndi kumene munayambira, mphepo tisanaiwerengere. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mphepo ya chiperoni imatha kubweretsa nkhungu ndi mvula yowaza m'kanthawi kochepa, moti ngakhale mnzako amene ali patsogolo pako pang'ono sumuona. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasochera pa Sapitwa ndipo anamwalira ndi kuzizira.

Choncho kulongedza kumayambira pa zovala, ndipo mdani woyamba ndi thonje. Jinzi ndi malaya a thonje amamwa thukuta ndipo sauma msanga, kotero mukangoima kuti mupume, chovala chonyowacho chimayamba kukuchotsani kutentha m'thupi. Ndaonapo mnyamata wamphamvu zake atakhala pamwala, milomo ikunjenjemera, zala zitauma moti analephera kutseka zipi ya jekete lake, chonsecho tsikulo mvula sinagwe. Chinamunyowetsa ndi thukuta lake lomwe. Chofunika ndi kuvala mosanjikiza: mkati malaya ouma msanga ngati amene amavala osewera mpira, pamwamba pake juzi ya ubweya, ndipo kunja jekete losalowa madzi ndi mphepo. Zovala zitatu zopyapyala zimaposa chijasi chimodzi chokhuthala, chifukwa mukatenthedwa pokwera mumavula chimodzi, ndipo mukafika pamalo a mphepo mumachivalanso. Zonsezi zimapezeka pa kaunjika, ndipo palibe chifukwa choti munthu awonongere ndalama zambiri. Muonjezerepo chipewa chofunditsa makutu, magolovesi, ndi zovala zina zouma zomangidwa bwino m'thumba losalowa madzi, zimene simudzazikhudza mpaka mutafika pogona.

Nsapato zikhale zogwira bwino pamwala, pakuti njira yochokera ku kanyumba ka Chisepo kupita pa Sapitwa ili ndi matanthwe osalala amene amaterera akanyowa, ndipo malo ena munthu amakwawa pansi pa miyala ikuluikulu. Musakwere ndi nsapato zatsopano. Ziyendereni milungu ingapo kunyumba, apo ayi matuza adzakubwezani tsiku loyamba lomwe. Masokosi atatu kapena anayi osakhala a thonje ndi okwanira, pamodzi ndi pulasitala yomata pamene payamba kutentha matuza asanatuluke.

Tinyumba ta paphiri monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo tili ndi alonda ndi malo osonkhapo moto, koma thumba logonamo lofunda bwino muyenera kubwera nalo nokha, pamodzi ndi machesi osungidwa pouma. Tochi ikhale yomanga pamutu kuti manja akhale omasuka, ndipo mabatire apadera muwasunge pafupi ndi thupi chifukwa amatha msanga pozizira. Foni nayonso imatero. Pa zakudya sindichulukitsa mawu: mtedza, chiponde, buledi, mpunga, shuga ndi masamba a tiyi zimakwanira, kuphatikizapo mabotolo a madzi okwana malita awiri ndi timapaketi ta ORS, tosungunula m'madzi pobwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi magalasi akuda anthu athu amawanyozera poganiza kuti ndi za azungu, koma dzuwa la pamwamba limawotcha milomo ndi maso a wina aliyense, ngakhale kukuzizira.

Amene akulinga ku Kilimanjaro, ku Tanzania, adziwe kuti mamita 5,895 ndi nkhani ina. Pa nsonga ya Uhuru, mpweya umene munthu amakoka kamodzi umakhala ndi okosijeni pafupifupi theka la amene amapezeka m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo ulendo womaliza umayamba pakati pa usiku madzi akuundana m'mabotolo. Kumeneko pamafunika jekete lanthenga, magolovesi awiri osanjikiza ndi ndodo zoyendera. Majumbo apulasitiki musawatenge, chifukwa dziko la Tanzania linawaletsa mu 2019. Matenda obwera chifukwa cha kukwera pamwamba amatha kuyamba munthu akadutsa mamita 2,500, ndipo zizindikiro zake ndi mutu, nseru, chizungulire ndi kusowa tulo. Mankhwala a acetazolamide, odziwika ndi dzina loti Diamox, amathandiza thupi kuzolowera, koma muonane ndi dokotala musanawalongedze, ndipo musawatenge ngati chilolezo chokwera mothamanga. Munthu akayamba kudzandira ngati woledzera, kusokonezeka maganizo, kapena kubanika ali chikhalire, palibe chili m'chikwama chimene chingalowe m'malo mwa kutsika naye nthawi yomweyo, ngakhale utakhala usiku.