Bwalo la ndege loyandama: zomwe zidachitika ku Diego Suarez mu 1942

Msilikali amene akutsika m'boti n'kuyamba kuwoloka madzi ofika m'chiuno kulowera pagombe la mdani amakhala ngati nkhuku yonyowa pabwalo. Alibe dzenje lobisalamo, mizinga yake idakali m'sitima, ndipo ndege imodzi ya mdani ikhoza kusesa gombe lonse. Mavuto amakula ngati gombelo lili pachilumba chakutali, kumene ndege za kwanu sizingafike ndi kubwerako pa mafuta amodzi. Apa ndi pamene sitima yonyamula ndege imagwira ntchito yake yeniyeni: kubweretsa bwalo la ndege pafupi ndi nkhondo kwa masiku ochepa, mpaka asilikali atalanda bwalo lapamtunda.

Chitsanzo chimene ndimakonda kufotokozera ndi cha pafupi ndi kwathu kuno, ku Madagascar. Mu 1942 chilumbachi chinali m'manja mwa boma la France la Vichy, lomwe linkamvera Germany. A Britain ankaopa kuti Japan, yomwe mu April chaka chomwecho idakantha Ceylon (lero Sri Lanka), ilanda doko lalikulu la Diego Suarez, lomwe lero ndi Antsiranana, n'kumatchera sitima zodutsa pakati pa Madagascar ndi Mozambique. Gulu la sitima lidanyamuka ku Durban motsogozedwa ndi Neville Syfret, asilikali apamtunda ali pansi pa Robert Sturges, ndipo pakati pawo panali sitima ziwiri zonyamula ndege, Illustrious ndi Indomitable.

M'bandakucha wa pa 5 May, asilikali adatsikira ku Courrier Bay ndi Ambararata Bay, kumadzulo kwa doko, mbali imene Afalansa ankaiona ngati yosadutsika chifukwa cha miyala ndi mabomba otchera m'madzi. Ndege zidagawana ntchito. Za mtundu wa Albacore zidapita kukaphulitsa bwalo la ndege la Arrachart, ndege za Afalansa zidakali pansi. Izi ndiye mutu wa nkhani yonse: ndege ya mdani ndi yosavuta kuipha ili chigonere kusiyana ndi kuithamangitsa mumlengalenga. Za mtundu wa Swordfish zidalowa m'doko n'kumiza sitima yankhondo ya Bougainville ndi ina yoyenda pansi pa madzi ya Bévéziers. Padalinso kachinyengo: ndege zina zidaponya zidole zomangidwa pamaparachuti, kuti Afalansa atumize asilikali kumalo kopanda munthu.

Swordfish imeneyi mukanaiona mukanaseka. Inali ya mapiko awiri osanjikizana, yokutidwa ndi nsalu, woyendetsa atakhala pamtetete mphepo ikumuomba kumaso. Koma kuuluka kwake kwapang'onopang'ono kunkaithandiza kutera bwino pasitima yogwedezeka, ndipo inkanyamula bomba lalitali loyenda m'madzi limene linkaboola sitima kunsi.

Anthu ambiri amaganiza kuti sitima yotereyi imaima pafupi ndi gombe ndege n'kumangonyamuka ngati njiwa pa denga. Ayi ndithu. Kuti ndege inyamuke pa bwalo lalifupi chotero, sitima iyenera kutembenukira kumene kukuchokera mphepo ndi kuthamanga mwamphamvu, kuti mphepo yake ionjezere mphamvu pamapiko. Pobwerera, ndege imatsitsa mbedza kumchira n'kukola chimodzi mwa zingwe zachitsulo zoyalidwa mopingasa, ndipo masiku amenewo pambali pankaima munthu wonyamula timatabwa tiwiri, kumuuza woyendetsa kuti wakwera kwambiri kapena watsika. Kenako ndege zambiri amazipinda mapiko n'kuzitsitsira m'chipinda chapansi pa chikepe. Nthawi yonseyi sitima ikuyenda njira yowongoka, yomwe ndi mphatso kwa mdani wobisala pansi pa madzi. N'chifukwa chake ndege zina sizipita kunkhondo n'komwe. Zimangozungulira pamwamba pa sitima zawo kulondera. Pa ndege makumi angapo zomwe sitima imodzi inkanyamula, zofika pamwamba pa gombe nthawi imodzi zinkakhala zochepa kwambiri kuposa momwe msilikali wapansi ankafunira.

Ndipo mkulu wa sitima amakhala ndi mtima uwiri: kuteteza anthu apagombe, kapena kupulumutsa sitima yomwe dziko lake lidamanga kwa zaka. Patangopita miyezi itatu chichitikireni za ku Diego Suarez, pachilumba cha Guadalcanal m'nyanja ya Pacific, Frank Fletcher wa ku America adachotsa sitima zake zonyamula ndege tsiku lachiwiri la nkhondo poopa ndege za Japan. Sitima zakatundu nazo zidachoka zisanamalize kutsitsa, asilikali n'kutsala ndi chakudya chochepa, ndipo magulu oyamba a ndege zomenyera nkhondo adatera pabwalo la Henderson, lapachilumbapo, pa 20 August. Akatswiri amakanganabe ngati adalakwa. Ine sindimufulumirira kumuweruza, chifukwa nthawi imeneyo America inali ndi sitima zotere zowerengeka.

Ku Diego Suarez zidayenda mwachangu. Ndege sizidathe kuthyola malinga a Afalansa otchinga tauni. Chidathandiza ndi sitima yaing'ono ya Anthony, yomwe usiku wa pa 6 May idalowa m'doko ndi asilikali 50 n'kuwatsitsira kumbuyo kwa mdani. Pa 7 May doko lidagwa, ndipo bwalo la Arrachart lidayamba kulandira ndege za ku South Africa. Mantha oopa Japan aja sanali opanda pake: pa 30 May timasitima ta Japan tating'ono toyenda pansi pa madzi tidalowa m'dokomo, kuvulaza sitima yaikulu yankhondo ya Ramillies ndi kumiza sitima yamafuta ya British Loyalty.

Mu September, Illustrious idabweranso kudzaphimba asilikali otsikira ku Majunga. M'gulu lomwe lidayenda kuchoka kumeneko mpaka kulanda likulu la chilumbachi, Tananarive (lero Antananarivo), pa 23 September munali asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland. Bwanamkubwa wa Afalansa, Armand Annet, adagonja mu November, atawayendetsa mtunda wautali kum'mwera akugumula milatho ndi kutchinga misewu ndi mitengo.