Mbiri ya Kutseka ndi Kutsegula Malo Osodzako Ma Scallop ku Georges Bank

Kum'mawa kwa dziko la United States, kutsogolo kwa gombe la Cape Cod, pansi pa nyanja ya Atlantic pali chitunda chachikulu cha mchenga ndi miyala ing'onoing'ono chotchedwa Georges Bank. Madzi ake ndi osaya poyerekeza ndi nyanja yozungulira, ndipo kukula kwake kumaposa chigawo chonse cha Massachusetts. Pamenepo pamakhala ma scallop, omwe ndi mtundu wa nkhono za m'madzi amchere zokhala ndi zigoba ziwiri zophwatalala zimene zimatsekuka ndi kutsekeka. Anthu amadyako kamnofu koyera kamene kamagwira zigoba ziwirizo, ndipo kamnofu kameneka ndiko kachititsa kuti doko la New Bedford likhale patsogolo pa madoko onse a asodzi ku America pa nkhani ya ndalama kwa zaka zoposa 20 zotsatizana. Komatu cha m'ma 1998 usodziwu unali pafupi kugwa, ndipo mkangano umene unabuka nthawi imeneyo pakati pa asodzi ndi boma unagona pa funso limodzi: kodi pansi pa nyanjapo patsala ma scallop angati, nanga woyenera kuwawerenga ndani?

Kuti nkhaniyi imveke, tiyenera kudziwa kaye khalidwe la kanyamaka. Scallop imatha kusambira pang'ono pomenyanitsa zigoba zake, koma ikakula siyenda mtunda wautali, moti pamene mwaisiya chaka chino ndi pamene mudzaipeze chaka chamawa. Imakulanso msanga: pakati pa zaka zitatu ndi zisanu, mnofu wake umalemera pafupifupi kanayi. Choncho msodzi amene angaisiye zaka ziwiri amadzapeza phindu lalikulu, makamaka chifukwa minofu ikuluikulu ndiyo imagulidwa pa mtengo wapamwamba. Vuto ndi lakuti palibe msodzi amene angaisiye pa yekha, pakuti boti lobwera pambuyo pake liitenga tsiku lomwelo. Malamulo onse amene akhala akukhazikitsidwa pa usodziwu akhala akulimbana ndi vuto limeneli.

Mzinda wa New Bedford unatchuka poyamba ndi ntchito yopha anangumi, kenako ndi mafakitale a nsalu. Usodzi wa ma scallop unakhazikika m'zaka za m'ma 1930, makamaka m'manja mwa anthu ochokera ku Norway, ambiri mwa iwo a ku chilumba cha Karmøy. Chida chawo ndi khoka lachitsulo lolemera kwambiri, lokhala ndi thumba lolukidwa ndi mphete zachitsulo, limene boti limakoka pansi pa nyanja. Khokalo likatuluka, alovi amasankha ma scallop, kutsekula iliyonse ndi mpeni, kuchotsa mnofu ndi kuponya zigoba m'madzi, ndipo ntchitoyi imachitika usana ndi usiku boti lili panyanja. Kwa zaka zambiri bungwe la alovi ndilo linkaika malire a masiku a ulendo umodzi ndi masiku opuma padoko, kotero kuti ngakhale boma linalibe lamulo, usodziwu unali ndi mwambo wake.

Zinthu zinasintha mu 1976, pamene nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina la Magnuson, limene linaika madzi onse ofika mtunda wa mamailosi 200 kuchokera kugombe m'manja mwa America. Zombo za maiko ena zinachotsedwa, anthu anathamangira kukhoma maboti atsopano, ndipo ntchito yokonza malamulo a usodzi m'derali inaperekedwa ku bungwe la New England Fishery Management Council. Mu 1982 bungweli linatulutsa ndondomeko yoyamba ya ma scallop, imene inadalira kuwerenga minofu: paundi imodzi sinayenere kukhala ndi minofu yopitirira chiwerengero chimene lamulo linanena, poganiza kuti zimenezi zikakamiza asodzi kusiya ang'onoang'ono. Asodzi anapeza njira mosavuta. Ankasakaniza minofu ikuluikulu yowerengeka ndi ing'onoing'ono yambiri kuti chiwerengero chikwane, ndipo ena ankaiviika m'madzi kuti ifufume. Kufooka kwa lamuloli kunali kwakuti linkagwira ntchito padoko, scallop itafa kale.

Mu Okutobala 1984, khoti la maiko onse la ku The Hague linagamula mkangano wa malire a m'nyanja pakati pa United States ndi Canada, ndipo mbali ya kumpoto chakum'mawa kwa Georges Bank, yomwe inali ndi ma scallop ochuluka kwambiri, inapita ku Canada. A ku Canada anasankha njira yawo mu 1986, yogawira makampani gawo lodziwika la zokolola za chaka chilichonse. Maboti a ku America, amene anali atachuluka kale, anapanikizana pa malo otsalawo, ndipo bungwe la alovi linatha mphamvu pambuyo pa sitiraka yowawa ya mu 1985 ndi 1986.

Pofika 1994 panalibenso wokana kuti zinthu zaipa, ndipo kusintha kwachinayi kwa ndondomekoyi kunabweretsa malamulo amene maziko ake alipo mpaka lero. Kuwerenga minofu kunathetsedwa. Ziphaso zazikulu zinaperekedwa kwa maboti okhawo amene anali ndi mbiri yosodza ma scallop, omwe lero ali pafupifupi 350, ndipo khomo la ziphaso zimenezi linatsekedwa kwa ena onse. Boti lililonse linapatsidwa masiku owerengeka okhala panyanja, kuyambira 204 pachaka ndi kumatsika mpaka kufika 120 mu 1999. Mphete za khoka zinakulitsidwa kuti ang'onoang'ono azipulumuka pansi pomwepo. Koma lamulo limene ndimaliona kuti linali lanzeru kuposa onse ndi lochepetsa alovi kufika pa asanu ndi awiri m'boti limodzi. Popeza scallop iliyonse imatsekulidwa ndi dzanja, ndipo yaing'ono imatenga nthawi yofanana ndi yaikulu, boti la alovi ochepa limaluza likaima pa malo a ang'onoang'ono. Woyendetsa boti amachokapo yekha kukafuna akuluakulu popanda wapolisi womuthamangitsa, chifukwa lamulolo linapangidwa ndi anthu odziwa mmene ntchito imayendera pa boti.

Chinthu chimene chinapulumutsa usodziwu, komabe, sichinakonzedwere ma scallop n'komwe. Mu Disembala 1994 boma linatseka mwadzidzidzi malo atatu akuluakulu, otchedwa Closed Area I, Closed Area II ndi Nantucket Lightship, okwana pafupifupi masikweya kilomita 17,000, pofuna kuteteza nsomba za cod, haddock ndi yellowtail flounder zimene zinali zitatsala pang'ono kutha. Makoka a ma scallop analetsedwanso kulowamo chifukwa amakola nsomba zomwezo. Ife amene tinazolowera kutseka nyanja kwa miyezi yochepa kuti chambo chiswane tiyenera kuona kusiyana kwake: apa anatseka malo, osati nyengo, ndipo anawatseka kwa zaka. M'zaka zinayi zokha, kafukufuku wa boma anaonetsa kuti kulemera kwa ma scallop m'malo otsekedwawo kunawonjezeka pafupifupi ka 14. Kunja kwa malire, kumene maboti onse anaunjikana, zokolola zinatsika mpaka pafupifupi mapaundi 12 miliyoni mu 1998, ndipo panali ndondomeko yochepetsanso masiku kufika pamene eni maboti ambiri sakanatha kubweza ngongole zawo.

Apa ndi pamene mkangano wa kawerengedwe unafika pachimake. Akatswiri a boma ankayeza ma scallop pokoka khoka lawo la kafukufuku m'malo osankhidwa, koma khoka silitola zonse zimene ladutsapo, ndipo palibe amene ankadziwa bwinobwino kuti limasiya zochuluka bwanji. Ngati khoka limatola zambiri mwa zimene zilipo, ndiye kuti pansi patsala zochepa. Ngati limatola zochepa, ndiye kuti pansi pali chuma chambiri kuposa chimene mabuku a boma akunena. Asodzi ankaumirira kuti m'malo otsekedwa ma scallop adzaza ndipo ena akufa ndi ukalamba, koma mawu a munthu amene akufuna kuti malo atsegulidwe sangakhale umboni. Mu 1998 eni maboti anakhazikitsa bungwe la Fisheries Survival Fund, ndipo anapita kwa Brian Rothschild, amene ankatsogolera sukulu ya maphunziro a zam'nyanja ya University of Massachusetts Dartmouth. Chaka chomwecho maboti angapo a asodzi analoledwa kulowa mu Closed Area II pamodzi ndi akatswiri a boma ndi a m'mayunivesite kuti akayeze limodzi. Zimene anapeza zinakhutiritsa nduna ya zamalonda, William Daley, ndipo mu Juni 1999 mbali ya kum'mwera kwa malowo inatsegulidwa. Maboti anatulutsamo pafupifupi mapaundi 6 miliyoni, ndipo malowo anatsekedwanso pamene nsomba za yellowtail zokodwa mwangozi zinafika pa mlingo umene unaikidwa.

M'chaka chomwecho cha 1999, Kevin Stokesbury wa pa sukulu yomweyo anayamba njira ina yowerengera. Anamangirira makamera pa chimango chachitsulo chimene chimatsitsidwa kuchokera m'boti mpaka kukhala pansi pa nyanja, n'kujambula kachigawo kodziwika kukula kwake, kenako n'kuchikweza ndi kupita pa malo otsatira. Ma scallop a pa chithunzi chilichonse amawerengedwa ndi kuyezedwa imodziimodzi. Asodzi anapereka maboti, mafuta ndi chakudya, ndipo iwo eni ndiwo ankayendetsa maulendowo. Ku New Bedford nkhaniyi imasimbidwa kawirikawiri ngati kuti asodzi anagonjetsa akatswiri a boma, koma ine sindikuona choncho, pakuti kafukufuku wa boma anali ataona kale kuti ma scallop akuchuluka, ndipo mwayi wa zaka zimene anaswana bwino unathandizanso. Chimene kamera inasintha ndi chakuti woyendetsa boti ndi katswiri anayamba kuyang'ana chithunzi chimodzi, ndipo msodzi amene wawerenga yekha ana a scallop pa malo ena savuta kuvomereza kuti malowo atsekedwe.

Kuvomerezana kumeneku ndiko kunatheketsa dongosolo la kasinthasintha. Mu 2001 boma linalengeza kuti ma scallop abwerera pa mlingo woyenera, ndipo mu 2004 kusintha kwa nambala 10 kwa ndondomeko ya ma scallop ija kunakhazikitsa lamulo lakuti malo amene apezeka ndi ana ambiri azitsekedwa kwa zaka zingapo, kenako azitsegulidwa kwa maulendo owerengeka okhala ndi malire a mapaundi pa ulendo uliwonse. Mphete zinakulitsidwanso kufika mainchesi anayi. Malo otchedwa Elephant Trunk, kufupi ndi gombe la Delaware, anatsekedwa mu 2004 n'kutsegulidwa mu 2007 atadzaza. Gawo lina la zokolola, limene kwa zaka zambiri lakhala mapaundi oposa 1 miliyoni pachaka, limapatulidwa kuti ndalama zake zilipire kafukufuku, moti usodziwu umadzilipirira wokha mbali ina ya kawerengedwe kake. Zokolola zinapitirira mapaundi 50 miliyoni pachaka, ndipo m'zaka zina mtengo wake padoko unaposa madola 500 miliyoni.

Sitingabise kuti phinduli linagwera anthu ochepa. Chiphaso chimene munthu analandira mu 1994 chifukwa cha mbiri yake chinadzafika pogulitsidwa madola mamiliyoni angapo, ndipo mlovi wachinyamata wa lero alibe njira yapafupi yodzakhalira mwini boti. Asodzi a maboti ang'onoang'ono, amene ankaloledwa mapaundi 400 pa ulendo, anachuluka pamene mitengo inakwera, mpaka mu 2008 nawonso anatsekeredwa khomo ndi kupatsidwa gawo longopitirira pang'ono 5 peresenti, pamene zotsalazo zinakhala za maboti akuluakulu. Mu 2022 eni maboti ambiri anapempha kuti aloledwe kubwereketsana masiku ndi maulendo kuti boti limodzi lizisodza gawo la maboti awiri. Alovi ndi ogwira ntchito padoko ku New Bedford anakana mwamphamvu, poopa kutha kwa ntchito ndi kuunjikana kwa chuma m'makampani ochepa, ndipo mu Sepitembala bungwe la New England Fishery Management Council lija linakana kupitiriza nkhaniyo. Ndikuona kuti linachita bwino, chifukwa boti likachoka pa ntchito silibwereranso.

Palinso mtengo umene pansi pa nyanja pamalipira. Khoka lachitsulo limapalasa miyala ndi zamoyo zomera pamenepo, ndipo m'madzi a kum'mwera kwa Georges Bank limakola akamba a m'nyanja, zimene zinachititsa bungwe la Oceana, loteteza zamoyo za m'nyanja, kusumira boma kangapo. Kuyambira 2013 maboti a m'madera amenewo amayenera kugwiritsa ntchito khoka lokankhira akamba pamwamba. Zaka zaposachedwa zabweretsa vuto limene kutseka malo sikungathetse. Madzi akutentha, makamaka kum'mwera kwa New Jersey, ndipo ana a scallop sakupezekanso ochuluka monga kale. Zokolola zinali pafupifupi mapaundi 60 miliyoni mu 2019, koma mu 2023 sizinafike ndi theka lomwe, ndipo masiku osodza m'malo otseguka anali 24 okha mu 2022. Pa chifukwa chimenechi maso a asodzi atembenukira ku Northern Edge, mbali ya kumpoto kwa Georges Bank, m'mphepete mwa malire a Canada aja, kumene makamera akuonetsa ma scallop ambiri pa miyala imene ana a cod amabisalamo ndiponso kumene asodzi a nkhanu za lobster amatchera misampha yawo. Malo amenewa akhala otsekedwa kuyambira Disembala 1994, ndipo mu Epulo 2024 bungwe la New England linaimitsa ntchito yokonza zowatsegula.