Estágio Sigulidwa, Bolsa Sigulitsidwa pa WhatsApp

Chaka chilichonse ophunzira a chaka chachinayi ku yunivesite akamamaliza, makolo a ku Ulongué, Tsangano, Furancungo ndi kwina amandipeza ndi pempho limodzimodzi: "A Engenheiro, mwana wathu watsala ndi monografia yokha, mumupezereko kamalo ku mgodi." Monografia ndi kafukufuku amene wophunzira amalemba ndi kuteteza pomaliza digiri. Ndatopa nalo pempholi. Kuthandiza sindikana, koma limafika litachedwa ndi zaka zitatu, ndiponso limaloza khomo limodzi lokha, ngati kuti chigawo chonse cha Tete ndi Moatize basi.

Ntchito yanga ndi youna mmene zitukuko zimakhudzira nthaka, madzi, mpweya ndi anthu, choncho achinyamata a estágio, odzaphunzira ntchito poigwira, amadutsa m'manja mwanga. Obwera ndi mavalori 16 kapena 17 papepala ndi ambiri. Koma apatseni botolo kuti akatunge madzi okayeza ku labotale, pamenepo ndiye mudziwa. Wina amatunga m'mphepete pamene ng'ombe zangovundula kumene. Wina amagwira kukamwa kwa botolo ndi chala. Wina amabwera nalo osalembapo ola kapena malo, wina amasiya kabokosi ka ayezi padzuwa la mu Okutobala, dzuwa la ku Tete lija. Madzi oyeza tizilombo amafunika akhale ozizira ndipo afike ku labotale pasanathe maola 24. Zikalakwika pamenepo, mafuta a galimoto, tsiku la anthu onse ndi lipoti lenilenilo zapita m'madzi. Sindinena izi ponyoza ana athu. Palibe amene anawagwiritsapo botolo, ndipo iwonso sanapite kukalifuna.

Nthawi yoyamba kufuna estágio ndi tchuthi chotsiriza chaka choyamba, kapena mukachedwa kwambiri chachiwiri. Tengani credencial, kalata yokudziwitsani, ku faculdade, mupite ku SDAE (ofesi ya zachuma ndi ulimi) kapena ku SDPI (ofesi ya mapulani ndi zomangamanga) ya boma la kwanu, mukapemphe kuyenda ndi alangizi. Malipiro mwina kulibe, koma mugona kwanu, mudya nsima ya amayi anu, ndipo mwezi umodzi wokha mudzagwira GPS, mudzaona mmene amayezera malo a nazale, mmene amalembera mlandu wa makala, mmene amakambira ndi anyakwawa. Pochoka musachoke chimanjamanja: pemphani kalata yosainidwa ndi yodindidwa, yonena masiku amene mwakhala ndi ntchito imene mwagwira. Kalata imeneyo mudzaifuna patsogolo kuposa mmene mukuganizira. Usiku phunzirani QGIS yojambulira mapu ndi KoboToolbox yolembera za kafukufuku pa foni, zonse n'zaulere, ndipo Excel muidziwe mpaka kutulutsa magrafu popanda wokugwirani dzanja. Amene angakwanitse atenge ndithu laisensi ya njinga yamoto. Za masukulu sindichulukitsa, mukuwadziwa: ISPT ndi UCM mu mzinda wa Tete, UniZambeze ku Ulongué ndi ku Chimoio, UniPúnguè, ndi politécnico ya ku Songo. Polemba ntchito sindinaonepo dzina la sukulu likupulumutsa munthu wosadziwa kulemba lipoti la masamba awiri m'Chipwitikizi chomveka.

Tsono za mgodi. Malasha a ku Moatize anayamba kutumizidwa kunja mu 2011, nthawi ya Vale. Mu 2022 mgodiwo unapita m'manja mwa Vulcan. Ku Benga nakonso Rio Tinto inagulitsa kwa ICVL mu 2014. Eni amasintha, mtengo wa malasha umakwera n'kutsika, ndipo ukatsika anthu amachotsedwa. Komanso dipatimenti ya zachilengedwe pa mgodi, ngakhale waukulu chotani, imakhala ndi anthu owerengeka. Ntchito zambiri zoyeza fumbi, phokoso, madzi a m'zitsime zoyandikana ndi kubzalanso mitengo pa milu ya dothi zimaperekedwa kwa makampani a alangizi ndi makontrakitala. Kumeneko ndiye kolowera, koma ana athu CV amakaisiya pa geti la mgodi n'kukhala kudikira foni.

Lamulo la zachilengedwe la 1997 ndi Decreto 54/2015 zimafuna kuti chitukuko chisanayambe chiunikidwe ndi kuikidwa m'gulu A+, A, B kapena C malinga ndi kukula kwa chiopsezo chake. Msewu, malo ogulitsira mafuta, kwale, fakitale, damu, zonsezi zimafuna laisensi, ndipo pambuyo pake zimafuna wozilondola. Wongomaliza kumene sangalembetse ngati mlangizi woima payekha, amayamba wagwira kaye pansi pa gulu lolembetsedwa. Ndiye funafunani magulu amenewo. Kulinso HCB, kampani ya magetsi ya Cahora Bassa, ku Songo, ARA-Centro yoyang'anira madzi a Zambezi ndi mitsinje yake, AQUA yoyendera ngati malamulo akutsatidwa, ndi damu la Mphanda Nkuwa la mamegawati 1,500 limene likukonzedwa kumunsi kwa Cahora Bassa. Okonda za nyama ndi nkhalango, Parque Nacional de Mágoè ilipo kuyambira 2013, Tchuma Tchato, pulogalamu yosamalira nyama pamodzi ndi eni dera, ndi yakale kuposa pamenepo, ndipo bungwe loteteza zachilengedwe la BIOFUND lili ndi pulogalamu ya PLCM imene imatumiza achinyamata kukachita estágio m'malo otetezedwa a dziko lino. Kwathu kumapiri kuno nkhani ya fodya ndi nkhuni, makala, ndi golide wochapidwa ndi mercúrio m'mitsinje ya ku Chifunde ndi Macanga, zonsezo ndi ntchito zodikira anthu ake, ndipo ndi mitu ya monografia yabwino kuposa yokopera pa intaneti ija.

Chinthu china muli nacho kale koma mumachibisa pa CV: chinenero chanu. Zitukuko zazikulu zimafuna consulta pública, ndiye kuti kukakhala pansi ndi eni dera. Kumbukirani zimene zinachitika mabanja oposa 1,300 atasamutsidwa chifukwa cha mgodi wa ku Moatize kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba, minda ndi madzi, ndipo chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012 yonena za kusamutsa anthu. Kuchokera pamenepo palibe kampani yanzeru imene imapita kumudzi popanda munthu womva chinenero cha anthu. Katswiri wochokera ku Maputo angadziwe masamu onse a fumbi, koma gogo akaimirira n'kufunsa za manda a makolo ake ndi za dimba limene limamudyetsa m'chilimwe, pamafunika wina womva zimene akunena ndi zimene wasiya osanena. Inu olankhula Chichewa, amene Chinyungwe simuchedwa kuchitola, lembani zimenezo poyera.

Pali nkhani imene mpaka lero imandisowetsa mtendere. Mtsikana wina wa kumapiri, mwana wa mlimi wa mbatata, anachita estágio m'gulu lathu. Anali wa manja abwino: kope lake la m'munda linali laukhondo, botolo lililonse lolembedwa, ndipo pa msonkhano amayi ankamasuka naye. Atamaliza licenciatura anakumana pa Facebook ndi munthu wodzitcha nthumwi ya bolsa, thandizo lolipirira maphunziro, za ku Portugal. Nkhani inasamukira pa WhatsApp. Anamutumizira kalata yokhala ndi chizindikiro cha yunivesite, yonena kuti wasankhidwa, pamene iye sanalembe mayeso, sanatumize nkhani yofotokoza zolinga zake, sanafunsidwe mafunso ndi wina aliyense. Anamuuza kuti malo ndi ochepa, asauze anthu kuopa ansanje. Poyamba inali ndalama ya fomu, kenako ya inshuwalansi, kenako ya visa, kenako ya "kusungitsa tikiti", zonse pa M-Pesa, pa nambala ya munthu wamba. Bambo ake anagulitsa mbatata ya chaka chonse, pamapeto ng'ombe ziwiri. Tsiku limene bamboyo anabwera kwa ine anali atanyamula kalata ija m'thumba la pulasitiki, ataipinda bwinobwino. "Achimwene," anatero, "taonani pepalali, mwina ifeyo ndi amene sitikumva." Adiresi ya imelo pansi pake inali ya Gmail. Nambala inali itazimitsidwa kale.

Ng'ombezo zimandiwawa, koma chimene chimandiwawa koposa n'chakuti miyezi imene mtsikanayo ankadikira ndege, mipata yeniyeni inatseguka n'kutsekeka iye osalembera ngakhale umodzi. Mwana ameneyu akanatha kupikisana ndi aliyense. Manyazi atamugwira anasiya kuyankha mafoni, ndipo mapepala ake onse, pasipoti, BI ndi satifiketi, zithunzi zake zili m'manja mwa akuba amene angazigwiritse ntchito pobera ena.

Ndiye mvetsani, makolo ndi ana omwe. Bolsa yoona imalengezedwa poyera, ili ndi tsiku lotsekera, ndipo mumapikisana. Ya boma imadzera ku IBE, bungwe loona za bolsa. Za maiko ena zimalengezedwa pa masamba a eni ake ndi ku maofesi a akazembe. Chevening ya ku Britain kulembera kwake n'kwaulere, imatsegulidwa cha mu Ogasiti, ndipo imafuna zaka ziwiri za ntchito mutamaliza digiri, maola 2,800. Bolsa za DAAD za maphunziro a chitukuko ku Germany nazonso zimafuna zaka ziwiri za ntchito mutamaliza digiri.  Dziko lathu lili mu Commonwealth kuyambira 1995, choncho bolsa za kumeneko zimatikhudza. Amene Chingerezi chikuwavuta ayang'ane PEC-PG ya ku Brazil ndi bolsa za Camões za ku Portugal, kumene mumaphunzira m'Chipwitikizi. Ndipo kunja si kutsidya la nyanja kokha. Bunda ya LUANAR ili pafupi ndi Ulongué kuposa mmene Beira ilili, ndipo m'dziko mwathu momwemuno, mkati mwa Gorongosa, muli mestrado ya Biologia de Conservação imene inayamba mu 2018. Wina aliyense wokulonjezani malo musanalembere, wofuna ndalama pa nambala yake, wokuuzani kuti musunge chinsinsi, wokufulumizitsani kuti mulipire lero lomwe, ndi wakuba. Ngakhale atabwera ndi m'bale wanu, ngakhale atapemphera nanu limodzi, ndi wakuba.

Chimodzimodzi ndi ogulitsa malo a estágio ndi a ntchito mu mzinda wa Tete muno. Amaima pafupi ndi mageti, amatchula maina a mabwana, amapempha refresco. Kampani yoona silipiritsa munthu kuti imulembe. Kulembetsa ku INEP, bungwe la boma loona za ntchito, ngati wofuna ntchito kapena estágio pré-profissional ndi njira yoonekera, yambirani kumeneko. Atsikana inu, wokuitanirani ku pensão kuti mukakambirane za CV alibe malo oti akupatseni. Sungani mauthenga ake, muuze aphunzitsi amene mumawakhulupirira, mukanene kupolisi.

Amene sanaberedwe ndi akuba amaberedwa ndi kuchedwa, ndipo amenewa ndiwo ochuluka. Munthu amamaliza makadeira onse n'kukhala zaka ziwiri osateteza monografia, akuti akufuna kaye ganyu. Popanda kuteteza palibe satifiketi, popanda satifiketi palibe bolsa, ndipo ntchito zambiri zolengezedwa sizikuyang'anani n'komwe. Wina amaona chilengezo kutatsala sabata imodzi, ndiye ayambe kuthamangira pasipoti, kutsimikiza mapepala kwa notário, kufuna womasulira wolumbira woti awaike m'Chingerezi, kupempha aphunzitsi awiri makalata oikira umboni pamene iwo ali pa tchuthi. Sizitheka. Mayeso a Chingerezi a IELTS nawonso si oti mungadzuke lero n'kukalemba mawa. Amafuna ndalama, ulendo ndi miyezi yokonzekera, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Ana a m'malire, ku Calómuè, Biri-Biri ndi Zóbuè, ambiri Chingerezi mumachimva chifukwa cha wailesi ndi misika ya ku Malawi, ena munayambira sukulu konko. Chingerezi cha pamsika sichikwana kulemba nkhani ya mawu 500 yofotokoza chifukwa chake mukufuna kuphunzira za madzi a pansi pa nthaka, koma ndi poyambira pamene anzanu ambiri alibe. Chikulitseni kuyambira chaka choyamba.

Posankha maphunziro a kunja, musangotenga chilichonse chifukwa chili ndi tikiti ya ndege. Funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka kwawo komweko, chifukwa pobwera mudzafunika equivalência, kuti boma lathu livomereze digiriyo, ndipo pepala la sukulu yosadziwika lidzakukanikani pamenepo. Sankhaninso chimene chigawo chino chikusowa: madzi a pansi pa nthaka, kukonzanso malo okumbidwa migodi ikatsekedwa, kuyeza mpweya, mapu a satelayiti, kuchenjeza za madzi osefukira. Amene munaona mlatho wa Revúbuè utaduka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 simufuna kuti ndikufotokozereni.

Amene muli chaka chachitatu, pitani ku registo académico sabata ino mukafunse ngati muli ndi kadeira yotsalira kapena ngongole imene ingadzatsekereze satifiketi yanu, ndipo mutu wa monografia mukaupereke kwa supervisor semesita ino isanathe. Makolo, ndalama ya mbatata ya chaka chino ikalowa, yambani ndi pasipoti ya mwanayo.