Kudya kumalo odyera: kusankha chakudya ndi kuwonjezera zomanga thupi pa saladi

Anthu ambiri ogwira ntchito m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba sadyera kunyumba nkhomaliro. Ikakwana 12 koloko amathamangira ku lesitilanti yapafupi, ku kantini ya kuntchito kapena pachiwaya, ndipo chakudya chimene adzadya masiku asanu pa sabata amachisankha mofulumira, poyang'ana mtengo ndi kuchuluka kwake basi. Uthenga uno ndi wa anthu oterewa, makamaka amene analangizidwa kuchipatala kuti achepetse thupi, kapena amene ali ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, omwe akakhala pansi n'kupatsidwa menyu amaona ngati chowayenera chokha ndi saladi.

Saladi yofala kwathu kuno ndi kabichi wodulidwa mopyapyala, tomato, anyezi, ndipo pena karoti kapena letesi. Masamba amenewa ndi ofunika, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa munthu wamkulu kudya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku. Vuto ndi lakuti masamba paokha ali ndi zomanga thupi zochepa kwambiri. M'magalamu 100 a kabichi simupezeka ngakhale magalamu awiri a mapuloteni. N'chifukwa chake munthu amene wadya saladi yokha masana njala imamupota 3 koloko isanakwane, ndipo chimene amachipeza pafupi ndi mandasi ndi chakumwa chotsekemera, zomwe zimabwezeretsa zonse zimene ankazithawa. Zakudya zomanga thupi zimachedwa kugayika m'mimba, choncho zimasunga munthu ali wokhuta kwa nthawi yaitali, komanso sizikweza shuga wa m'magazi mofulumira monga amachitira ufa woyera ndi shuga.

Munthu wamkulu wathanzi amafunika pafupifupi magalamu 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 60 akufunika magalamu pafupifupi 50 pa tsiku. Tikagawa pa chakudya cham'mawa, chamasana ndi chamadzulo, nkhomaliro yabwino ikhale ndi magalamu 15 mpaka 20. Dzira limodzi lowiritsa lili ndi magalamu pafupifupi 6. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi magalamu pafupifupi 15, ndipo mtedza wokazinga wodzaza m'dzanja uli ndi pafupifupi 7. Nthuli ya nkhuku yopanda fupa yaikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu imaposa magalamu 20 payokha. Ndiye kuti mazira awiri ndi timtedza pang'ono n'zokwanira kusandutsa mbale ya kabichi ndi tomato kukhala nkhomaliro yeniyeni, pamtengo wocheperapo poyerekeza ndi nyama.

Zambiri mwa izi sizilembedwa pa menyu, koma kukhitchini zilipo. Malo odyera ambiri amene amaphika nsima amakhala ndi mphika wa nyemba, mazira, usipa kapena matemba, ndiponso soya. Palibe chamanyazi kuuza woperekera zakudya mwaulemu kuti, "Achimwene, mundiikireko nyemba pang'ono pambali pa saladiyo," kapena kufunsa ngati angakuwiritsireni mazira. Usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, motero kuwonjezera pa zomanga thupi timapezamo kashiamu wolimbitsa mafupa, ngakhale kuti zouma zina zimakhala ndi mchere wambiri. Nyemba nazo zili ndi ayironi wothandiza kupanga magazi, ndipo thupi limamutenga bwino ayironi ameneyu ngati pambali pali tomato wamuwisi kapena madzi a ndimu. Mapeyala amakometsa saladi ndipo mafuta ake ndi abwino, koma musawawerengere ngati chomanga thupi.

Mamenyu a m'mahotela ndi m'malesitilanti akuluakulu amalembedwa m'Chingelezi, ndipo mawu ochepa ndiwo amaulula kaphikidwe. Pamene palembedwa grilled, steamed kapena boiled, chakudyacho n'chootcha kapena chophika ndi madzi. Pamene palembedwa fried, crispy kapena crumbed, dziwani kuti chamizidwa m'mafuta, nthawi zina atachipaka kaye ufa. Chambo chootcha ndi chambo chokazinga m'mafuta ambiri ndi nsomba imodzimodzi yochokera m'nyanja imodzimodzi, koma thupi silizilandira mofanana. Samalaninso ndi saladi yotchedwa coleslaw, chifukwa imasakanizidwa ndi mayonezi wambiri ndipo kawirikawiri amathiramonso shuga. Pemphani kuti mayonezi kapena msuzi wa pasaladi abweretse m'kambale kapadera kuti muthire nokha, ndipo ngati pali ndimu ndi timafuta pang'ono n'zokwanira. Timafutato musatikane konse, popeza ndi timene timathandiza thupi kutenga vitamini A kuchokera mu karoti ndi masamba obiriwira.

Soseji, polony ndi bekoni zimaikidwa pa masaladi ena ngati zomanga thupi, koma zili ndi mchere wochuluka, ndipo m'chaka cha 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika nyama zosungidwa mwanjira imeneyi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo. Zisakhale za tsiku ndi tsiku. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, choncho lawani kaye musanatambasulire dzanja ku botolo la mchere la patebulo.

Nsima kapena mpunga simuyenera kuzisiyiratu. Theka la mbale likhale masamba, ndipo theka linalo ligawidwe pakati pa chokhutitsa ndi chomanga thupi. Kumene kuli nsima ya mgaiwa, sankhani imeneyo, ndipo mpunga ndi tchipisi zisakumane m'mbale imodzi.

Chomaliza ndi ukhondo, ndipo apa m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa saladi siipita pamoto. Mliri wa kolera umene unagwa m'Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo majeremusi a kolera, a taifodi ndi a kutsegula m'mimba amadutsira m'madzi osatetezedwa ndi m'manja osasamba. Yang'anani ngati pamalopo pali madzi ndi sopo, ngati saladi yavindikiridwa, ndiponso ngati wodula masamba si yemweyo amene akulandira ndalama. Chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri, dzira liwire mpaka chikasu chilimbe, ndipo nkhuku isakhale yofiira pafupa. Ngati mwakayika, makamaka nyengo ya dzinja, kapena ngati ndinu mayi woyembekezera, wokalamba kapena wa chitetezo cha m'thupi chotsika, itanitsani masamba ophika ali otentha. Nkhwani, mpiru kapena bonongwe wotendera ali kale ndi zomanga thupi zochokera mu nsinjiro, ndipo moto wapha kale majeremusi.

Amene ali ndi matenda a impso asawonjezere zakudya zomanga thupi asanafunse dokotala kapena katswiri wa kadyedwe wa pachipatala chimene amalandirirako chithandizo, chifukwa muyeso wawo ndi wosiyana ndi umene wafotokozedwa pano.